Ndowe Zathu M'puloti ya Abambo Aakulu

Thumba loyera la feteleza wa yuriya linkakhala pamtanda wa denga m'nyumba mwathu ku Bwanje, lopindidwa kanayi n'kumangidwa ndi luzi. Munalibe kanthu. Linali lomaliza limene bambo anagula asanadwale, ndipo amayi sankalola kuti munthu aliyale pansi kapena atengeremo chimanga popita kuchigayo. Ine ndinkalitsitsa iwo akapita kumjigo. M'misoko yake munkatsalira timibulu toyera, ndipo ndikatiika pachala chonyowa tinkasungunuka n'kusiya kuzizira. Fungo lake linkalasa m'mphuno. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndili Sitandade 5, ndipo ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti thumba limenelo likanakhala lodzaza, palibe amene akanatiyankhula mwachipongwe chaka chimenecho.

Amayi sanali a kuchigwa. Kwawo kunali kumtunda, mbali ya kwa Champiti, kwa anthu a chimanga ndi ng'ombe, ndipo bambo anachita kukawatenga kudzakhala nawo kwawo pachitengwa. Mwana ndinali ine ndekha, mtsikana. Mpunga amayi anaudziwira kubanja, ndipo ngakhale anaulima zaka khumi ndi ziwiri, azimayi a m'mudzimo ankawatchabe a kumtunda, ngati kuti anafika dzulo.

Kusikimu bambo anali ndi puloti imodzi. Amene sanalimepo mpunga wothirira ayenera kumva kaye mmene madzi ankayendera mbali yathuyo, poti nkhani yonse yagona pamenepo. Ankachoka m'ngalande ya simenti n'kulowa m'puloti yathu, kenako n'kudutsa pakampata kodulidwa pamgula, kamtumbira kadothi kamene kamazinga puloti, n'kutsikira m'puloti yapansi. Yapansiyo inalibe njira ina yolandirira madzi. Inali ya abambo aakulu, mkulu wawo wa bambo anga.

Bambo anamwalira mwezi wa Ogasiti. Titameta, achibale anakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, ndipo ine ndinamva zonse ndili kukhitchini ndikunamizira kusankha nyemba. Abambo aakulu sanakweze mawu. Sankakweza mawu munthu ameneyo, n'chifukwa chake anthu ankati ndi wabwino.

"Alamu, palibe akukuthamangitsani," anatero kwa amayi. "Limani chaka chino tione. Mpunga ukabereka, khalani. Ukakanika, puloti ndimugwirizira mwanayu mpaka atakula."

Amayi anawomba m'manja n'kuthokoza. Lero ndikamakumbukira ndimapsa mtima, chifukwa palibe aliyense pansi pa mango paja amene sankadziwa kuti mayi wamasiye wopanda feteleza akumupatsa mayeso oti alephere. Kutaya puloti kunali kutaya zonse. Popanda iyo tinalibe chodya kuchigwa, ndipo chotsala chikanakhala kubwerera kumtunda kukakhala m'khonde mwa amalume, mlongo wawo wa amayi, n'kumadya zopatsidwa.

Makuponi a feteleza wotsika mtengo anafika m'mudzi, koma pakhomo pathu anapalumpha. Dzina lolembedwa linali la bambo, ndipo bambo anali kumanda. Amayi anapalasa njinga mpaka ku Manjawira atamva kuti kumeneko yuriya alipo. Analipodi. Anafunsa mtengo, anayang'ana matumba ataunjikidwa mpaka kudenga, n'kubwerako ndi mchere ndi sopo. Madzulo ake anakhala pakhonde miyendo atatambasula, fumbi lili mpaka m'mawondo, ndipo anati, "Kwathu kuli khola limene silinakokoledwe zaka zitatu." Mawa lake anatumiza uthenga kwa amalume.

Yankho linabwera msanga ndipo linali lokoma. Amalume anati mlongo wawo asade nkhawa, ngolo yodzaza manyowa ifika Khirisimasi isanakwane.

Tinafesa nazale mvula yoyamba itagwa. Tinagawula puloti ndi makasu, awiriwiri, amayi kutsogolo ine m'mbuyo ndikuswa zibuma. Madzi atalowa tinaponda matope mpaka anasalala. Matope a ku Bwanje mu Disembala amakhala otentha pamwamba, ozizira pansi, ndipo akagwira mwendo salola msanga. Misundu inkandimata kuseri kwa mawondo. Tsiku lililonse amayi ankaweramuka kangapo n'kuyang'ana kumsewu wochokera kumapiri, dzanja lili pamphumi. Khirisimasi inadutsa. Uthenga unabwera woti ng'ombe zikulima kaye munda wa amalume. Chaka chatsopano chinadutsa, ndipo tinamva kuti kwagwa maliro. Kenako akuti tayala la ngolo laphulika. Mbande za panazale zinali zikukula, sizikanadikira tayala, ndiye tinawokera mpunga m'dothi lopanda kalikonse.

Amalume sanali munthu woipa, ndipo ndimawakumbukira ndi chikondi. Koma anali mmodzi wa anthu aja amene akalonjeza amamva ngati achita kale.

Nthawi yomweyo kusukulu tinali pamutu wa manyowa. Aphunzitsi athu a zaulimi anali bambo wamfupi wovala magalasi omangidwa ndi ulusi, ndipo phunziro limeneli ankalikonda kuposa ana ake omwe. Anatikumbitsa dzenje kuseri kwa makalasi, tinathiramo mapesi, phulusa ndi ndowe, n'kufundikira udzu. Ankamenya tebulo ndi dasitala ponena mawu amene ndimawamvabe mpaka pano: "Manyowa alibe changu. Alekeni aole, kenako muwakwirire m'dothi musanadzale." Tinkabwereza tonse mokuwa. Ndinalemba m'kope, ndipo pamayeso a mlungu umenewo ndinakhoza zonse.

Ngolo inafika pakati pa Febuluwale, masana dzuwa likuswa mtengo. Mpunga wathu unali utafika m'mawondo mwanga, ndipo unali utayamba kale kuoneka wotuwa poyerekeza ndi wa anzathu. Amalume anali munthu wamtali, atavala jekete lakumtunda ngakhale kunkatentha chotero, chikwapu chili paphewa. Ng'ombe zinali zitatuluka thovu kukamwa. Anthu anaweramuka m'mapuloti mwawo kuonerera, ndipo amalume anawapatsa moni mokweza ngati munthu wobweretsa mkwatibwi. Amayi anagwada pamgula pomwepo n'kuwomba m'manja. "Mwatikumbuka, achimwene," anatero, ndipo ndinaona kuti maso awo anyowa.

Tinatsitsira katunduyo m'mbali mwa njira. Sanali manyowa amene aphunzitsi ankanena. Zinali ndowe zouma gwa, zokokoledwa mbali ya khola imene inali ndi denga, zopepuka, zosakanikirana ndi mapesi osaola. Ukatola chibuma chake n'kuchiswa, m'kati munkaoneka udzu wonse mmene ng'ombe inaudyera.

Mlungu umenewo unali wothira feteleza wobereketsa, ndipo m'mapuloti oyandikana nafe anthu ankayenda m'madzi ndi timabeseni, akuwaza yuriya ndi dzanja. Amalume anaima pamgula n'kuwayang'ana kwa kanthawi, manja ali m'chuuno.

"Nanga si zomwezi?" anatero. "Iwo akuwaza zoyera, ife tiwaza zakuda."

Kwawo kumtunda ankachita chimodzimodzi. Ankaika ndowe patsinde la chimanga, mvula n'kuzikhomerera pansi, ndipo chimanga chawo chinkatchuka. Koma m'munda wokhala m'madzi anali asanapondemo chibadwire. Ine ndinadziwa nthawi yomweyo kuti tikulakwa. Ndinasendera kwa amayi n'kuwanong'oneza zimene aphunzitsi ananena, zoti manyowa amayenera kuola ndiponso kukwiriridwa. Sananditembenukire n'komwe.

"Amalume ako anayamba kuponda ndowe iwe usanabadwe. Tenga beseni."

Ndakhala ndikudzifunsa ngati amayi ankadziwa. Ndikuganiza kuti theka la mtima wawo linkadziwa. Koma mpunga unali utaima kale, kukwirira kunali kosatheka, ndipo munthu amene wayenda ndi ng'ombe kuchokera mbandakucha sumamuwongolera pamaso pa akuchimuna, makamaka ukudziwa kuti mwina mawa ukagona pakhomo pake. Wamkulu salakwa, amatero. Ine ndaona kuti amalakwa ndithu, kungoti zolakwa zake amasenza ndi ena.

Tinamata kampata kaja ndi matope kuti madzi asatuluke, ndipo tinayamba kuwaza. Ndowe zinkagwa pamadzi n'kukhala pomwepo. Sizinkamira. Zinkangozungulira pakati pa mapando, kamphepo kakaomba n'kumasonkhana mbali imodzi. Amalume anati zimira zikamwa madzi. Titawaza zoposa theka, amayi anati zotsalazo zikhale kaye, tione mmene zoyambazi zichitire. Amenewo ndiwo anali mawu anzeru okhawo amene ananenedwa tsiku limenelo. Amalume anagona, anadya nkhuku yathu yomaliza, ndipo m'mawa anamanga ng'ombe zawo n'kubwerera ali okondwa kwambiri.

Kusikimu kunali chizolowezi choti munthu akathira feteleza, wapansi pake amamulola kutseka kampata tsiku limodzi kapena awiri kuti feteleza asathawe ndi madzi. Amayi anapita kwa abambo aakulu kukapempha masiku anayi. Ndinawaperekeza. Tinawapeza akusoka thumba pakhonde, ndipo anamvetsera mpaka amayi anamaliza.

"Za feteleza timatsekerana, alamu, chifukwa amasungunuka tsiku lomwelo. Nanga izi zisungunuka liti? Mpunga wanga ufe ndi ludzu podikira ndowe? Lachitatu ndi tsiku langa la madzi."

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti sanalakwe. Ndayesa kuitembenuza nkhani imeneyi mbali zonse kuti ndiwapeze ndi mlandu pa kampatako, koma ndalephera. Madzi a wapansi sutseka, limenelo linali lamulo la aliyense, ndipo bambo anga akanakhala moyo akananena zomwezo.

Lachitatu m'mawa ndinadzera kusikimu nditavala kale yunifolomu. Ndinafika abambo aakulu ataima pamgula ndi khasu. Anatema kawiri kokha. Madzi anayamba kukoka, ndipo ndowe zonse zimene zinkayandama m'puloti yathu zinatembenuka pang'onopang'ono n'kulunjika pakampata. Zinkadutsa mwa ndawala, chibuma pambuyo pa chibuma, ngati anthu otuluka m'tchalitchi. Zimene tinadikira miyezi iwiri, zimene ng'ombe zinatsika nazo mapiri, zinkalowa m'puloti ya munthu yemwe ankadikira kuti tilephere.

Ndinathamangira kunyumba n'kutenga lichero la amayi. Nditabwerako ndinalumphira pakampata, yunifolomu ili m'thupi, n'kuyamba kuwola ndowezo ndi lichero n'kumaziponya kumtunda kwa puloti yathu. Ndikaponya, madzi ankazibweretsanso. Ndinkawola zomwezomwezo. Zina zinkadutsa pakati pa miyendo yanga, zina zinkaphwanyika m'lichero n'kutsika ndi madzi ngati phala. Azimayi a m'mapuloti apafupi anasiya ntchito, ndipo ndinamva mmodzi akuitana mnzake kuti adzaone mwana wa a kumtunda akupeta ndowe. Anaseka mpaka ena anakhala pansi pamgula. Ine ndinkalira, koma osasiya.

"Mwana, choka pamadzi," anatero abambo aakulu. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwinoko.

Amayi anafika akuchokera kumjigo. Anayang'ana puloti, anayang'ana ine, kenako anandigwira pamkono n'kunditulutsa m'madzimo. Analanda lichero, analigwedeza, n'kuona kuti lafumuka mkombero. Sananene za ndowe ngakhale liwu limodzi. Anangoti, "Lichero ili linali la agogo ako. Pita kusukulu."

Ndinafika mochedwa, ndili chinyowere, ndikununkha khola. Amene ndinkakhala nawo desiki imodzi anasamuka. Pofika nthawi yopuma dzina linali litapezeka kale, ndinali Nandowe, ndipo linandikakamira mpaka tsiku limene ndinachoka pasukulupo. Aphunzitsi a zaulimi anandiitana kuseri kwa kalasi n'kundifunsa chimene chachitika. Nditafotokoza anavula magalasi awo, n'kufunsa funso limene linandipweteka kuposa kuseka kwa azimayi aja: "Nanga iwe sunanene bwanji? Si unakhoza zonse pamayeso?" Akuluakulu amatiphunzitsa kutseka pakamwa kunyumba, kenako n'kumadabwa kusukulu kuti sitinayankhule.

Komabe Loweruka aphunzitsiwo anabwera panjinga kudzaona. Anazungulira puloti, buluku atapinda, ndipo anakaima pamulu wa ndowe zotsala zija m'mbali mwa njira. Anauza amayi kuti aziunjike bwino, aziwaze madzi, athiremo phulusa ndi masamba, afundikire udzu, ndipo azitembenuza mwezi uliwonse. Mpunga ukamwetedwa, adzazikwirire m'dothi ndi khasu. Amayi anafunsa za mpunga umene unali m'mundawo. Aphunzitsi anayang'ana kumbali. "Chaka chino chapita, mayi," anatero. Amayi anathokoza, ndipo madzulo omwewo anachita zonse zimene anauzidwa. Ine ndinkaona ngati akutaya nthawi, poti chaka chamawa chimene ankachikonzekeracho sichinali chathu.

Miyezi yotsatira inali yoonerera. Mpunga wa abambo aakulu unabiriwira mpaka kuda, unaphukira ana ambirimbiri, moti dothi silinkaoneka. Puloti yawo inali yomaliza pamzerewo, ndiye ndowe zathu zinakaima pamgula wawo wapansi, zinamwa madzi monga ananenera amalume, n'kumira mwaulemu. Kunena zoona, iwo anali atathiranso yuriya, ndipo mwina mpunga wawo ukanabiriwira ndithu popanda ife. Izi ndikunena lero. Nthawi imeneyo tsamba lililonse lobiriwira m'puloti imeneyo ndinkaliona ngati lobedwa, ndipo podutsa ndinkalavula malovu.

Wathu unali wachikasu, woonda, mapando ake otalikirana moti ukaima pamgula unkaona nkhope yako m'madzi. Zimene ndowe zinatisiyira zinali udzu. M'makona okwera, mmene madzi sankafika bwino, munamera maudzu a kumtunda amene anthu a kuchigwa sankawadziwa n'komwe maina, ndipo pamgula panamera bonongwe wonenepa. Bonongweyo tinadya. Udzuwo tinazula ndi manja masabata atatu, msana ukuwotchedwa ndi dzuwa, zala zitatumbuluka. Anthu odutsa ankatipatsa moni wa anthu ofedwa.

Mpunga utayamba kucha kunabwera mpheta. Ndinkajomba kusukulu kukaziingitsa, ndikuguguda chitini ndi kukuwa mpaka mawu kutha. Ndinkalondera ngala zochepa zomwezo ngati chuma. Nthawi zina ndinkaponya chibuma mwadala kuti gulu lonse liulukire kwa abambo aakulu, ndipo limenelo ndi tchimo lokhalo la chaka chimenecho limene sindinalape.

Tinamweta mu Meyi. Popuntha zinkaoneka ngati zilipo, koma amayi atayamba kupeta ndi lichero lobwereka, mphepo inatenga pafupifupi theka. Anali mankhusu opanda kanthu m'kati. Bambo ali moyo, mpunga wa puloti imeneyo unkabwera kunyumba pangolo. Chaka chimenecho tinaututa panjinga, maulendo awiri. Abambo aakulu anabwera madzulo ena, anapisa dzanja m'thumba, anaufikisa mpungawo m'manja n'kuuuzira. Lamlungu lotsatira achibale anakhalanso pansi pa mango, ndipo nkhani sinatenge nthawi. Puloti aigwirizira abambo aakulu. Ife tichoka sukulu ikatsekera, amalume adzatitenga.

Ndinaganiza kuti zathera pomwepo, ndipo mwina ndikanapirira. Koma mu Julayi, mphepo yozizira ikuomba ndipo mapuloti ali ziputu zokhazokha, amayi anandidzutsa Loweruka m'mawa n'kundipatsa beseni. Tinapita pamulu paja. Atachotsa udzu, ndowe zija panalibenso. Panali dothi lakuda, lofewa, lozizira m'manja, lonunkhira ngati pansi pa mitengo mvula itangogwa, nyongolotsi zili piringupiringu. Amenewa ndiwo anali manyowa a m'kope langa. Anafika miyezi isanu ntchito yake itadutsa.

"Tikathira kupuloti," anatero amayi.

Ndinafunsa kuti puloti yake iti, popeza tinalibe puloti. Anangondisenzetsa beseni.

Kuchoka pamulu kufika papuloti panali pafupi, munthu ukanatha kuponya mwala. Koma amayi anati tidzere kungalande yaikulu, kumene azimayi ankachapa, n'kuzungulira njira imene anthu ankadutsa popita kumsika. Anandiika kutsogolo. Aliyense amene tinakumana naye anati ndimupatse moni, ndiime, nditchule ulemu wake wonse, beseni lili pamutu. Anthu a ku Bwanje saona munthu atasenza osafunsa. Akafunsa kuti manyowawa akupita kuti, amayi ankangondigunda pamsana, ndipo ine ndinkayenera kuyankha ndekha kuti, "Kupuloti ya bambo anga." Ndikayankha motsitsa, ankati sanamve, ndibwereze.

Tikafika, ine ndinkakhuthula, iwo n'kumakwirira ndi khasu, mozama, ndime ndi ndime, monga ananenera aphunzitsi. Kenako tinkabwerera njira yaitali yomweyo. Tinachita zimenezi Loweruka limenelo, ndiponso masana aliwonse ndikaweruka kusukulu mlungu wonse wotsatira. Azimayi omwe anandiseka aja tsopano sankaseka. Ankaimitsa kuchapa n'kumatiyang'ana mpaka titakhota.

Sindinayambe ndakwiyapo ngati mlungu umenewo. Poyamba madzi anachita kutilanda, tsopano tinkapereka tokha, pamutu, ndi moni pamwamba. Khosi linkandiwawa, manyowa ankandigwera m'maso, ndipo ana a sukulu ankanditsatira akuimba dzina lija. Tsiku lachinayi ndinaponya beseni pansi pamaso pa anthu, n'kunena kuti sindine kapolo wa abambo aakulu. Amayi anaima. Anadikira mpaka onse ochapa atatembenuka, kenako anati, "Tola. Wolera zonse, ndi manja." Ndinawolera ndikulira, ndipo anandisenzetsanso.

Tsiku lomaliza abambo aakulu anatipeza tikukwirira ndime yotsiriza. Anaima pamgula n'kuyang'ana dothi lakudalo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawaona akusowa poika manja.

"Alamu, mukudzivutitsiranji? Si tinakambirana?"

"Tinakambirana, alamu," anayankha amayi, mokweza kuposa mmene ankayankhulira masiku onse, moti a m'mapuloti apafupi anaweramuka. "Mwanayu akuthira m'munda mwake. Ine ndangomuperekeza."

Patapita milungu iwiri ngolo ya amalume inabwera, ndipo ulendo uno sinachedwe ngakhale tsiku limodzi. Chaka chotsatira tinamva tili kumtunda kuti puloti ija yabereka mpunga umene anthu ankachita kupatuka kudzaona.

Amayi anamwalira ndili Fomu 3. Ndinabwerera ku Bwanje ndili mayi wa ana awiri, abambo aakulu atamwalira, ndipo ana awo anandiuza mosaphethira kuti puloti imeneyo inali ya bambo awo chiyambire. Ndinalibe pepala lililonse. Nkhani itapita kwa akuluakulu a m'mudzi, ndinakhala pamphasa ndekha ngati mlendo, poti ambiri sankandizindikira. Kenako kumbuyo kunaimirira mayi wina wokalamba, wotsamira ndodo. Anati iye za mapepala sadziwa, koma mwana uyu anamuona ndi maso ake atasenza manyowa mlungu wathunthu, akunena pamaso pa mudzi wonse kuti akupita kupuloti ya bambo ake, ndipo mwini wake wogwirizirayo anamva osatsutsa. Anaimirira wachiwiri, kenako wachitatu. Wina anakumbukira ngakhale za beseni limene ndinaponya. Puloti imeneyo ndikulima ine, ndipo manyowa ndimakwirira mu Okutobala.

Koma tsiku limene tinkachoka, zonsezi zinali kutali. Ndinakhala kumbuyo kwa ngolo pamwamba pa mphasa ndi mapoto, nditawafulatira amayi. Ndinkaona mayi wogonja, amene analephera kutsutsa mlongo wake, analephera kutsutsa mlamu wake, n'kumalizira kundichititsa manyazi pamaso pa mudzi wonse kuti anenepetse munda wa eni. Pokwera phiri anandipatsa mbatata yowotcha, ndipo ndinaikankha. Sindikanadziwa kuti mayi wopanda pepala, wopanda mwamuna ndi wopanda mbale m'mudzimo anali atandisiyira mboni pangalande yonse. Sindinawayankhule ulendo wonsewo mpaka kwa amalume, ndipo iwo anandisiya ndikwiye.